Tsiku limodzi lokha ku Huế: ndikaone chiyani, ndikasiye chiyani?

Wa ku Zolozolo:

Abale anga, paja safunsa anadya phula. Kuntchito andisankha kuti ndikakhale nawo pa maphunziro a ulimi wa nsomba za m'maiwe ku Vietnam, mumzinda wa Đà Nẵng, sabata yachiwiri ya Novembala. Maphunzirowo akutha Lachisanu masana ndipo ndege yobwerera ndi ya Lamulungu usiku, ndiye Loweruka lonse lili m'manja mwanga. Mnzanga wina wandiuza kuti chapafupi pali mzinda wa Huế komwe kunkakhala mafumu awo akale, akuti kuli linga lalikulu ndi manda okongola kuposa nyumba za amoyo. Zithunzi ndaziona pa intaneti, koma zithunzi zimanama, tonse tikudziwa.

Ine kutali komwe ndinafikako ndi ku Dar es Salaam basi, pa basi. Ndiye ndikufunsa amene anapondako: tsiku limodzi likukwana? Ndiyambire pati? Chomwe sindikufuna n'kuthera tsiku lonse m'galimoto, kutsika, kujambula, kukwera, kenaka pofika kunyumba ana akandifunsa ndizingowaonetsa foni osadziwa kuti chimene ndinajambulacho n'chiyani. Chinanso, nkhumba sindidya, kwathu tinakula choncho, ndiye ndamva kuti kumeneko ili paliponse. Ndithandizeni.

Kabaza wa pa Depoti:

Achimwene, mukwere ndege tsiku lonse kukaona manda? Manda ku Zolozolo kwanuko alipo, olowera ulere. Alawansiyo mukatigulireko mafoni.

Mayi a ku Katoto:

Achimwene a ku Zolozolo, pitani, uyu musamumvere. Ine ndinapitako mu Juni, ndinalinso ndi tsiku limodzi ngati inu, ndipo ndinalakwitsa zinthu zingapo zomwe sindikufuna mukazibwereze.

Cholakwa choyamba chinayambira kuno. Juni wa ku Mzuzu mukumudziwa, chifunga m'mawa, zala kuuma pochapa. Ndiye polongedza ndinaikamo majuzi awiri ndi jekete. Kufika kumeneko, kutentha kwake ngati Karonga mu Okutobala, koma kwachinyezi, thukuta likatuluka silimauma. Majuzi aja anangokayenda ulendo n'kubwerako osavalidwa.

Chachiwiri, ndinanyamuka ku Đà Nẵng m'mawa wa tsiku lomwelo, n'kufika pa chipata cha linga dzuwa lili paliwombo. Inu musatero. Mukangoweruka Lachisanu nyamukani mukagone ku Huế. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 100, kuchepa pang'ono poyerekeza ndi Mzuzu kupita ku Mzimba boma. Magalimoto amadutsa pansi pa phiri la Hải Vân, mumsewu woboola phiri wa makilomita opitirira 6, amafulumira koma simuona kalikonse. Sitima yapamtunda imatenga maola pafupifupi atatu ndipo imakhotakhota m'mbali mwa phiri, nyanja ili pansi. Mukudziwa mmene zimakhalira potsika ku Chiweta, nyanja ikangotulukira mwadzidzidzi basi yonse n'kukhala chete? N'chimodzimodzi. Ndiye pitani pa galimoto Lachisanu, mukabwerere pa sitima Lamulungu m'mawa kukuwala. Pobwerera ku Đà Nẵng nyanja imakhala kudzanja lamanzere, pemphani mpando wa mbali imeneyo.

Loweruka lawirirani. Mzindawo unagawidwa pakati ndi mtsinje womwe eni ake amautcha Sông Hương, kutanthauza mtsinje wa fungo labwino. Malo ogona ambiri ali tsidya limodzi, linga lili tsidya linalo. Mukawoloke mlatho wachitsulo wa Trường Tiền wapansi, mukaona mbendera yofiira yaikulu pamwamba pa nsanja, mwafika. Lingalo analiyamba mfumu Gia Long, yemwe anayambitsa ufumu wa banja la Nguyễn mu 1802, ndipo khoma lakunja kulizungulira lonse ndi makilomita pafupifupi 10, kunja kwake kuli ngalande yamadzi. M'kati mwa khoma limeneli anthu wamba akukhalamo mpaka lero, muli masukulu, magolosale, njinga zamoto. Chomwe mumalipira ndi linga lachiwiri la m'kati, komwe kunali nyumba za mfumu. Nthawi imene ndinapita tikiti inali 200,000 ya ndalama zawo, ndipo amagulitsanso tikiti yophatikiza linga ndi manda.

Mumalowera pa chipata cha Ngọ Môn, chomangidwa mu 1833. Chili ndi makomo asanu, lapakati linali la mfumu yokha, ena onse, kaya nduna, kaya asilikali, kaya njovu, ankalowera m'mbali. Kwerani pamwamba pake musanapite kwina kulikonse, chifukwa m'pamene mungaone mmene malo onse anayalidwira. Pamenepo m'pamenenso mfumu yomaliza, Bảo Đại, inatulira pansi udindo mu Ogasiti 1945, n'kupereka lupanga ndi chidindo chaufumu. Kutsogolo kwake kuli nyumba ya Thái Hòa, yansanamira zofiira zojambulidwa zinjoka zagolide, momwe mfumu inkalandirira nduna zake. Pamenepo aliyense amajambula, inunso mukajambula.

Koma chimene ndikufuna kukuuzani chili kuseri kwa nyumba imeneyi. Kumeneko kunali malo oletsedwa, okhala mfumu, akazi ake ndi antchito awo, mwamuna wina aliyense osalowako kupatula adindo ofulidwa. Ine ndinkayembekeza kuti ndikaona nyumba zoposa zonse. Ndinapeza kapinga. Kapinga, maziko a njerwa, masitepe okwera kupita poti palibe kanthu, ndi makonde ataliatali ofiira omwe anawamanganso posachedwa. Zoona ndinakwiya, ndinati ndalama yanga yapita. Kutentha kunali kutandifooketsa, ndiye ndinakhala pansi pakhonde, kuvula nsapato. Pafupi panali gogo wina wamkazi, chipewa chosongoka chamasamba kumutu, akuzula udzu m'ming'alu ya maziko ndi kachitsulo kakang'ono, mng'alu umodzi umodzi, osafulumira. Kuyang'anitsitsa khoma lomwe linali kumbuyo kwake, ndinaona kuti lili ndi zibowo, zina zoti chala chingalowe, zina zoti chibakera chingalowe. M'pamene ndinazindikira kuti ndi zipolopolo. Nyumba zambiri zinapsa pa nkhondo ya mu 1947 yolimbana ndi Afalansa, zotsala zinaphwasuka mu 1968, pomwe nkhondo ya Aamereka inalowa m'kati mwenimweni mwa mzinda n'kukhalamo pafupifupi mwezi wathunthu. Ndinakumbukira bwinja la agogo anga ku Embangweni, mmene amayi ankatilozera kuti apa panali nkhokwe, apa panali khola, ife tikungoona thengo. Ndinakhala pakhonde paja mwina mphindi 40, ndipo pa tsiku lonselo ndi malo amene ndimawakumbukira bwino, ngakhale ndilibe chithunzi chake n'chimodzi chomwe.

Musanatuluke, khoterani ku kachisi wa Thế Miếu komwe amakumbukira mafumu. Pabwalo pake pali miphika yamkuwa isanu ndi inayi, yomwe anaisula pakati pa 1835 ndi 1837, uliwonse wautali kuposa munthu. Ambiri amangoijambula chapatali. Inu mukayandikire: pathupi pa mphika uliwonse anazokotapo mitsinje, mapiri, mabwato, mbalame, mpunga, akamba. Ngati mfumu inati dziko langa lonse liikidwe pa miphika. Inu a nsomba mukapezapo zanu.

Cholakwa chachitatu chinali cha ndalama. Ndalama yawo ili ndi maziro ambiri, mapepala onse ali ndi nkhope ya munthu mmodzi, Hồ Chí Minh, ndipo ya 20,000 ndi ya 500,000 zonse n'zobiriwira ngati kumwamba. Ndinagula madzi ndi kokonati kwa mnyamata wina kunja kwa chipata, n'kumupatsa 500,000 ndikuyesa 20,000. Anangoilandira, kumwetulira, ine n'kumapita. Ndinazindikira madzulo powerenga. Zikuluzikuluzo muziike thumba lina.

Chachinayi ndi dyera. Manda a mafumu ali kunja kwa mzinda, omwazikana m'mapiri, ndiye ine ndinalemba wa njinga yamoto kuti andifikitse atatu masana amodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pofika achitatu ndinkangokoka miyendo, ndipo lero mutandifunsa zomwe ndinaona ku manda a Minh Mạng ndingokuuzani kuti kunali madzi ndi milatho. Sankhani amodzi. Ine ndikuti a Khải Định. Anawamanga zaka 11, kuyambira 1920 mpaka 1931, mwini wake anamwalira mu 1925 ntchito ili m'kati. Kunja ndi simenti yakuda ndi ndere, yosasangalatsa, mumakwera masitepe 127, panjira n'kudutsa mizere ya nduna, akavalo ndi njovu zamiyala zitaima ngati zikudikira bwana. Mukalowa m'chipinda cham'mwamba maso amachita kuthobwa: makoma onse anamatapo tizidutswa ta mbale zadothi ndi magalasi, kupanga maluwa, nsungwi, mbalame. Ndinayandikira duwa lina n'kuona kuti tsamba lake ndi chidutswa cha botolo. Pakati pali chifanizo cha mfumuyo itakhala pampando, thupi lake lili pansi pomwepo. Kuti ndalama ipezeke anthu anawakwezera msonkho, ndiye mukamasirira muzikumbukiranso amene analipira.

Dzuwa likapendeka pitani ku kachisi wa Chibuda wa Thiên Mụ, m'mphepete mwa mtsinje, makilomita ochepa kuchokera pa linga. Kulowa n'kwaulere. Anamukhazikitsa mu 1601, ndipo nsanja yake yosanjikizana kasanu ndi kawiri, yomwe mumaiona pa zithunzi zonse za Huế, ndi ya mu 1844. Kuseri kuli kagalimoto kakale kamtundu wa Austin, kobiriwira, katangoimikidwa m'kashedi. Ndi kamene kananyamula wansembe wa Chibuda Thích Quảng Đức kupita pa mphambano ina ku Saigon mu Juni 1963, komwe anadziotcha pamaso pa anthu potsutsa boma lomwe linkapondereza Abuda. Valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, ndi malo opempherera, osati ongoonerera.

Za nkhumba, mwafunsa bwino. Chakudya chotchuka kumeneko ndi bún bò Huế, msuzi wa ng'ombe wothira udzu wonunkhira uja ena kuno amaika m'tiyi, wodyera zonga supageti za ufa wa mpunga. Dzina likuti ng'ombe, koma kawirikawiri mumakhala chiboda cha nkhumba, mafupa ake ndi magazi oundana. Kuchotsa nthuli sikuthandiza, msuzi womwewo ndi wankhumba. Mwayi wanu ndi woti Huế ndi mzinda wa Abuda ambiri, ndiye malo odyera zopanda nyama ali mbwee. Yang'anani chikwangwani cholembedwa kuti "chay" kapena "cơm chay". Lembani mawu amenewa papepala, muzingoonetsa.

Wa ku Zolozolo:

Mayi, zikomo kwambiri, mwandiphulira. Za maziro zo ndaseka koma ndachita mantha, ine ndimasokoneza ngakhale za kuno. Ndiye mwati kuseri kuli kapinga basi? Nanga ana ndidzawauza chiyani?

Mphunzitsi Wopuma, Luwinga:

Mwana wanga, ine ku Vietnam sindinapondeko, ndege yomwe ndinaikwera kamodzi kokha, koma mbiri ndaiphunzitsa zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndiikepo mlomo. Ana mudzawauze za mafumu atatu a ku Huế omwe anawathamangitsira kuno ku Africa kapena pafupi ndi kuno.

Mafumu a banja la Nguyễn analipo 13, kuyambira 1802 mpaka 1945, koma kuchokera m'ma 1880 mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa Afalansa. Mfumu inkavala zagolide n'kukhala pampando, koma wolamula anali mzungu wokhala tsidya lina la mtsinje. Mu 1885 anthu a mfumu Hàm Nghi, yemwe anali mnyamata wa zaka 13 kapena 14, anaukira Afalansa usiku, zinakanika, mfumu inathawira kumapiri n'kuitana dziko lonse kuti lidzuke. Anaigwira mu 1888 n'kuitumiza ku Algeria, komwe inakhala mpaka kumwalira mu 1944, osaonanso kwawo. Kenaka kunabwera Thành Thái, yemwe Afalansa anamuchotsa mu 1907 ponena kuti mutu wake sukuyenda bwino, n'kuikapo mwana wake wamng'ono Duy Tân poganiza kuti mwana savuta. Mwanayo atakula anagwirizana ndi ofuna kuukira mu 1916, ndiye bambo ndi mwana onse anawatumiza ku chilumba cha Réunion, kum'mawa kwa Madagascar, m'nyanja yomweyi ya Indian yomwe mumaiona ku Dar es Salaam. Duy Tân anafa pa ngozi ya ndege mu Disembala 1945 m'dziko lomwe lero ndi Central African Republic, ndipo mafupa ake anawabweza ku Huế mu 1987.

Nkhani imeneyi kwa ife si yachilendo. Inkosi Gomani yoyamba Angerezi anaipha mu 1896, ndipo mwana wake Philip Gomani anamuchotsa pa ufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya. Atsamunda, kaya olankhula Chifalansa kaya Chingerezi, ankafuna mfumu yovala bwino yosayankha. Khải Định amene mayi a ku Katoto akumutamandira manda akeyo ndi amene analowa m'malo mwa Duy Tân, ndipo anthu ake ambiri ankamuona ngati wantchito wa Afalansa. Sindikuti musapiteko. Ndikungoti amene anakana anawathamangitsira kutali, amene anavomera ndiye ali ndi manda okongola. Mukapeza mpata funsani komwe kuli manda a Duy Tân, ali mumzinda momwemo ku An Lăng, mukandijambulireko.

Mtsikana wa ku Chibavi:

Aphunzitsi mwatitsegula maso, zimenezi kusukulu sitinazimve.

Koma pali chinthu chomwe nonse mwachidumpha: achimwenewa akupita mu Novembala, si Juni. Ine ndinali kumeneko kumapeto kwa Okutobala, nthawi yomwe ndinkaphunzira ku Hà Nội, ndipo dzuwa sindinalione masiku atatu. Kuyambira Sepitembala mpaka Disembala ndi nyengo ya mvula yamphamvu m'chigawo chapakati cha dzikolo, ndipo Huế ndi umodzi mwa mizinda yomwe imalandira mvula yambiri. Ife a ku Mzuzu timadzitama kuti mvula timaidziwa, koma ija ndi ina: imagwa usana ndi usiku osapuma, mtsinje umasefukira, misewu ina madzi amafika m'mawondo, nthawi zina sitima imaima. Mu Novembala 1999 madzi anamiza mzindawo n'kupha anthu ambiri. Ndiye ndege yanu ya Lamulungu usiku muziikumbukira. Lachinayi funsani eni maphunzirowo mmene nyengo ilili. Akati kukubwera namondwe, khalani ku Đà Nẵng komweko, Huế sathawa.

Ikakhala mvula wamba pitani ndithu, linga limakongola mumvula ndipo anthu amachepa. Ambulera siyani, gulani chipepala chovala chija cha pulasitiki, amagulitsa paliponse motchipa, ndipo m'malo mwa njinga yamoto itanani galimoto pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Grab, mtengo mumauona pafoni musanakwere.

Pa manda ndikutsutsana ndi mayi a ku Katoto, pepani mayi. Masitepe 127 a simenti yandere mumvula ndi njira yothyolera mwendo kudziko la eni. Komanso ine a Khải Định ndinawaona ngati nyumba ya munthu amene wangolemera kumene. Pitani a Tự Đức. Anawamanga pakati pa 1864 ndi 1867 mwini wake ali moyo, ndipo ankapitako kukapuma, kukwera bwato pa kanyanja kake, kulemba ndakatulo. Muli mitengo ya paini ngati ku Chikangawa, ndi tinyumba tamatabwa m'mphepete mwa madzi momwe mungausemo mvula. Mfumuyi inali ndi akazi opitirira 100 koma sinabereke mwana, ndiye mawu a pa chipilala chake inalemba yokha, ntchito yomwe mwamwambo amagwira ndi mwana, ndipo inalembamo ndi zolakwa zake zomwe. Panjira yopita kumeneko mumadutsa mudzi wa Thủy Xuân komwe amapanga lubani wa timitengo, atamuyala m'mitolo yofiira, yachikasu, yobiriwira.

Kabaza wa pa Depoti:

Akazi 100 opanda mwana? Kuno akanamupezera fisi. Chabwino achimwene, ndagonja, pitani. Koma foni ija ndikudikirabe.

Mayi a ku Katoto:

Iwe wa pa Depoti, ulemu pang'ono, pali aphunzitsi pano.

Achemwali a ku Chibavi, pa mvula mwanena zoona, ine sindinaganizeko, mutu wanga unali pa dzuwa lija. Koma pa manda sindikusuntha. Kwa Tự Đức ndinafikako, ndi kwabwino, koma munthu wochokera ku Mzuzu mukamuonetse paini ndi dziwe? Zimenezo akaziona pobwerera pa Chikangawa. Chipinda cha magalasi chija sadzachionanso kwina. Tigwirizane chonchi: kukacha kopanda mvula, Khải Định. Ikamagwa, Tự Đức.

Achimwene, za ana musadandaule. Anga sanafunse n'komwe za mafumu, anafunsa ngati ndinadya njoka.

Wa ku Zolozolo:

Ndalemba zonse m'kabuku. Lachinayi ndifunsa za nyengo, Lachisanu galimoto, Loweruka linga m'mawa, manda amodzi malinga ndi kumwamba, Thiên Mụ madzulo, Lamulungu sitima mpando wakumanzere. Aphunzitsi, An Lăng ndayang'ana pa mapu, sikutali ndi siteshoni ya sitima, ndiyesetsa ndikadzereko ndisanakwere. Nditumizireni nambala yanu kumbali kuti ndidzakutumizireni chithunzicho.

Funso lomaliza, mayi: khofi wawo ali bwanji? Ine ndinazolowera wathu wa kuno, ndimafuna ndinyamule paketi.

Mayi a ku Katoto:

Nyamulani paketi ya mphatso, osati yomwa. Iwo ndi achiwiri pa dziko lonse pa ulimi wa khofi, kumbuyo kwa Brazil, koma wawo wambiri ndi wa robusta, wowawa ndi wamphamvu kuposa wathu wa ku Misuku. Ku Huế ali ndi wawowawo wotchedwa cà phê muối, khofi wamchere. Amamudontheza pang'onopang'ono kuchokera m'kachitini koboola, pansi pali mkaka wotsekemera wa m'chitini, pamwamba thovu lamchere. Ine nditamva za mcherewo ndinakwinya nkhope, kenaka ndinamwa makapu awiri cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo ndinagona 3 koloko m'bandakucha. Inu mukamwe m'mawa, kapu imodzi.